Mpikisano wa a Mmodzi ndi a Atatu

Tsiku limenelo ndinali nditatunga madzi ndowa zinayi, nditasesa pabwalo, nditachapa matewera a Sungeni n'kuwayanika pa mpanda wa eni nyumba. Ndinali nditamuphikira phala, nditamupukuta phala lomwelo m'makutu, nditapita kokapikula tomato n'kubwera naye pamutu. Dzuwa lisanafike paliwombo ndinali pa benchi langa pamsika, mwana kumbuyo, ndikuunjika milu. Tomato ndinkaunjika anayi-anayi, atatu pansi, mmodzi pamwamba.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, mimba itayamba kuonekera mu yunifolomu. Sindinalire kwambiri, nthawi yake panalibe. Koma masamu anakana kutuluka m'mutu, ndipo ogula akasowa ndinkasewera ndi tomato yemweyo.

Pali manambala ofatsa. Tomato 12 ukhoza kumuunjika awiri-awiri, atatu-atatu, anayi-anayi, osatsala ndi mmodzi yemwe. Koma 13 amakana. Uyese mulu wina uliwonse, wina atsalabe pambali akukuyang'ana. Ndi mmene alili 7, 11, 17, 19. Ine ndinkawatchula manambala amakani. Ndiye ndinaona kuti wamakani aliyense ukamuunjika anayi-anayi, monga ndinkagulitsira, amatsala mmodzi kapena atatu. 13 amatsala mmodzi. 7 amatsala atatu. 2 yekha ndiye analibe mbali, ndipo ndinamupatsa wezulo kuti akhale woyimbira.

Choncho ndinali ndi matimu awiri, a Mmodzi ndi a Atatu. Ndinkayenda manambala motsatana, ndipo ndikapeza wamakani ndinkakanda kamzere pa benchi, kumanzere kapena kumanja. Pofika pa 100, a Atatu anali ndi zigoli 13, a Mmodzi 11. Kangapo a Mmodzi anafanana nawo, koma kupitirira ayi. Ine ndinkachemerera a Mmodzi.

Masana amenewo panabwera mayi wina wa imvi zapatalipatali, nsapato zafulati, zala zoyera ndi choko. Anatola tomato, kumubwezera, n'kuyamba kuyang'ana benchi.

"Mwana dzina lake ndani?"

"Sungeni."

"Amake Sungeni, mizere iyi ndi ya chiyani?"

"Ndi mpira, mayi."

Ndinawafotokozera ndikuyembekeza kuti aseka. Iwo anakoka kireti yanga n'kukhalapo osapempha.

"Akutsogola ndani?"

"A Atatu."

"Nthawi zonse?"

"Nthawi zonse. Enawa ndi otsalira basi. Ndi chibadwa."

Pamenepo ndiye anaseka, mpaka Sungeni anadzuka. Anati iwo ndi Dokotala Nankhoma, osati wa jakisoni, koma wa masamu. Ankaphunzitsa pa sukulu ya ukachenjede ya m'tauni imene ili kumapeto kwa msewu, ndipo manambala anga amakaniwo, amene m'mabuku amati mapulayimu, inali ntchito yawo kwa zaka makumi atatu.

"Ntchito yeniyeni? Kuwerenga tomato woti kulibe?"

"Yeniyeni, ya ofesi ndi kiyi wake," anatero. "Ndipo ndikuuzeni, a Mmodzi amadzapitirira."

"Pati?"

"Kutali."

"Pati, mayi?"

"Ndikakuuzani mungokhala ndi nambala, ngati ya foni ya munthu amene simumudziwa."

Mawu anangotuluka okha m'kamwa mwanga. "Ndiye nditengeni ndikaphunzire."

"Muli ndi satifiketi yanji?"

"Khadi la kusikelo."

Sanaseke. Anapukuta zala pa siketi, n'kunena pang'onopang'ono.

"Satifiketi sindingakupatseni, sindine ndimasindikiza. Koma mipando ya m'kalasi mwanga ndimagawa ndine. Werengani nokha, ndi dzanja lanu, mpaka pamene a Mmodzi adzapitirire koyamba. Mukabwere nayo nambalayo. Ikakhala yoona, mpando wa pawindo ndi wanu. Ikakhala yolakwika, ndidzakuphikirani tiyi n'kukuperekezani ku depoti. Kachiwiri kulibe."

Anatenga mulu umodzi n'kumapita. Ine ndinatsala ndikuona mpando wa pawindo paliponse, ngakhale m'beseni.

Benchi linadzaza mizere mpaka m'miyendo. Kenako m'mawa wina ndinapeza msika wasamuka, patsala mapolo a mashedi ndi nkhuku imodzi. Palibe amene ankadziwa kumene wapita. Ndinamanga katundu, kubereka mwana, n'kuuyamba msewu.

Msewu unali umodzi. Matauni ake analibe mayina, kapena zikwangwani zinali zitafufutika ndi dzuwa. Tauni iliyonse inali ndi depoti, mtengo wa bulugamu pakati pake, ndi mayi wogulitsa nthochi pansi pa mtengowo. Nkhope inkasintha koma funso linali lomwelo.

"Mwasenza chiyani, amake mwana?"

"Mpira."

"Akutsogola ndani?"

"A Atatu."

"Ayi, pitani bwino."

M'tauni yoyamba ndinapeza ganyu pachigayo, yosefera azimayi ufa. Mwini wake anali a Chimkwita, bambo wamtali woyera mbee ndi ufa kuyambira nsidze mpaka zala za kumapazi, wogontha ndi phokoso la injini. Popuma ndinkakhala kuseri ndi njere za chimanga, kuyesa nambala iliyonse payokha, milu ya ziwiri, milu ya zitatu, mpaka msana kuwawa. Tsiku lina a Chimkwita anaima pamwamba panga nthawi yaitali.

"Mukutola anankafumbwe mmodzimmodzi?" anakuwa, poti ankaganiza kuti tonse ndife ogontha. "Muli pachigayo, mayi! Sefani!"

Anali mphunzitsi wa pulayimale makutu asanafe. Anang'amba thumba la pepala, n'kulemba manambala onse motsatana. Anati sefa yoyamba ndi ya 2: dumpha imodzi, fufuta yotsatira, mpaka pansi. Kenako sefa ya 3: yachitatu iliyonse igwe. Kenako ya 5, ya 7. Zotsala pamwamba, zimene sefa iliyonse yalephera kugwetsa, ndiwo amakani.

"Nanga masefawo sadzandichulukira?" ndinakuwa nanenso.

"Sefa iliyonse ili ndi tsiku lake loyamba ntchito! Ya 7 siyamba mpaka pa 49, amene ndi 7 kuchulukitsa ndi 7. Kumunsi konseko anzake aang'ono agwira kale. Ya 11 iyamba pa 121. Inu muzingokumbukira kulemba ntchito sefa yatsopano tsiku lake likakwana. Mukaiwala, gaga alowa mu ufa!"

Ndinagula kope loyamba, ndipo mkati mwa chikuto ndinalemba mndandanda wa masefa amene ali pantchito. Kuyambira pamenepo ndinkathamanga. Zimene zinkanditengera mwezi zinkatha injini isanazizire. Azimayi obwera kudzagayitsa anagawikana. Ena anali a Atatu poti amakonda zopambana, ena a Mmodzi poti ankandimvera chisoni. Mayi wina wonenepa ankalowa akufunsa zigoli asanatule n'komwe dengu. Tsiku limene ndinafika pa 1,000, a Atatu 87, a Mmodzi 80, a Chimkwita anazimitsa injini kuti ndilengeze, ndipo iwo okha ndi amene sanamve.

Kenako chimanga chinatha m'dera lonse, chigayo chinakhala chete, ndipo ndinapitirira.

Tauni yachiwiri inali kutali kuposa yoyamba. Amakani nawonso anali atayamba kutalikirana. Kale tsamba limodzi linkandipatsa ambiri, tsopano sefa inkagwetsa pafupifupi zonse. Pansi pa bulugamu mayi wa nthochi anali wamng'ono, wa ndolo.

"Mwasenza chiyani?"

"Mpira."

"Akutsogola ndani?"

"A Atatu."

"Mpaka pano?"

Kumeneko ndinakhala pakhonde la telala, a Nachuma, ndikusokerera mabatani ndi kupinda m'munsi mwa masiketi. Anandiphunzitsa msoko wobwereza, woti singano ibwerere kaye m'mbuyo isanapite patsogolo. Ndinayamba kutero ndi masamba anga, lililonse kulisefa kawiri. Pakhonde pomwepo ndi pamene ndinamasula nsalu tsiku lina n'kuona Sungeni akutsika yekha n'kuyenda mpaka pamsewu. Sindikudziwa kuti anaphunzira liti. Mwina ankaphunzirira kumbuyo komweko.

Miyendo yakeyo ndi imene inanditayitsa kope lachisanu ndi chimodzi. Analitenga n'kukapatsa mayi wa zitumbuwa, amene ankamupatsa zopserera. Pamene ndinkafika, chikuto chokha ndi chimene chinatsala. Masamba onse anali atakulungira zitumbuwa n'kumwazikana tauni yonse.

Ndinayenda khomo ndi khomo.

"Odi kuno! Munagula zitumbuwa lero?"

"Tinagula. Zavuta?"

"Pepala lake ndi langa."

Anthu anafufuza m'matumba, pansi pa mabedi, m'maenje a zinyalala. Mlonda wa pasukulu anandipatsa tsamba lake atapindira fodya kale. Namwino anandipatsa awiri, n'kunena kuti anawerenga ndipo sanamve kanthu koma zolemba n'zokongola. Bambo wina wometa anakana kubweza mpaka nditamuuza timu imene dzina lake lingalowe, ndipo ndinamuika kwa a Atatu kuti asangalale. Masamba anabwera owala ndi mafuta, oonekera mbali zonse. Anasowa atatu okha, ndipo ndinawasefanso. A Nachuma anandisokera chikwama cha pulasitiki chazipi, n'kunena kuti mwana asamenyedwe, wagawira tauni yonse masamu.

Koma zigoli za nthawi imeneyo zinali zowawa. Pa 6,000, a Atatu anali ndi 399, a Mmodzi 383. Kusiyana 16. Sikunakulepo chotero pa masamba amene ndinkakumbukira.

"Mwina mayi aja ankangokusekani," anatero a Nachuma, ulusi uli pakamwa.

"Munthu woseka sakhala pa kireti."

"Nanga akamwalira musanafike?"

M'mawa mwake ndinamanga katundu.

Msewu wopita tauni yachitatu unadutsa minda ya fodya, kenako ya thonje, kenako malo opanda kanthu. Nthawi zina ndinkayenda tsamba lathunthu la mapazi osaona nyumba. Mvula inagwa n'kusiya, kugwanso n'kusiya. Sungeni ankayenda patsogolo akutchula manambala amene ankaona pa magalimoto, kundifunsa ngati ali amakani. Mayi wa nthochi wa kumeneko anali nkhalamba, ndipo sanafunse n'komwe za katundu.

"Akadali a Atatu?"

"Akadali."

"Ndi zingati?"

"Khumi."

"Atopa amenewo. Onani mmene akupumira."

Ndinapeza ntchito m'shopu yosindikiza makalata ndi mapepala a ukwati. Yanga inali kusanja mapepala ndi kumenya sitepula. Mwini wake, a Kaphaizi, anali munthu wa tayi ngakhale kutenthe bwanji. Ataona makope anga anafunsa, ndipo nditafotokoza anagwira pamutu.

"Achemwali, zaka zonsezi? Kompyuta iyi ikhoza kukuuzani madzi a tiyi asanawire!"

"Ndikudziwa."

"Ndiye dikirani." Anakoka mpando, zala zili kale pa mabatani.

Ndinamasula chitenje n'kufunditsa kompyutayo ngati mwana wa malungo.

"Mwapenga?"

"Achimwene, akakandifunsa kuti wadziwa bwanji, ndikati chiyani? Ndikati anandiuza a Kaphaizi a tayi?"

"Mukati munawerenga. Adziwa ndani?"

"Mayi aja amaona mzere wa pa benchi ali kutali. Ndipo mpando akapatsa kompyuta yanu, ine n'kukhala panja."

Anaseka mpaka kumasula tayi. Madzulo ake, ndisanaweruke, ndinawaona akusuzumira pansi pa chitenje. Anatuluka nkhope ikunyezimira, pakamwa atatseka ndi dzanja. Kuyambira pamenepo ankandipatsa mapepala onse olakwika kuti ndizilemba kuseri kwake, ndipo m'mawa uliwonse ankafunsa kuti ndafika pati. Ndikawauza ankangoti, "Mmm," n'kuyang'ana kudenga. Ndinawerenga kuchokera pa 10,000 mpaka 20,000 kuseri kwa makalata oitanira ku maukwati a anthu osawadziwa. Pa 20,000 zinali 1,136 kwa 1,125. Tsiku lotsanzikana a Kaphaizi anandiperekeza mpaka pa bulugamu, milomo ikunjenjemera ndi chinsinsi.

"Musanene," ndinatero.

"Sindinena. Koma musagule makope ambiri."

Tauni yachinayi sinali tauni kwenikweni. Linali phiri, ndipo m'mbali mwake munali nazale ya mitengo. Depoti inalipo, bulugamu analipo, koma mayi wa nthochi anali atapita kukadya, nthochi zili zokha. Panazalepo pankagwira azimayi khumi ndi atatu, kuthira dothi m'machubu ndi kuwandanda m'mabedi. Mkulu wawo anali Mayi Nagama, wa mawu ngati a belu la tchalitchi. Anandiphunzitsa kuti bedi labwino ndi lofanana mbali zonse, khumi uku khumi uku, makumi awiri uku makumi awiri uku, kuti powerenga mbande usavutike. Azimayi amenewo ukawauza nambala ankayamba aiona ngati bedi.

Kumeneko zinthu zinayamba kusintha. Kusiyana kunatsika, kukwera pang'ono, kutsikanso. Zigoli zisanu. Zitatu. Ndinasiya kudya masana. Manja akuda ndi dothi ndinkatsegula kope pa bondo, azimayi atandizungulira, wina akundigwirira ambulera. Ndipo Lachisanu lina, mbande za mibawa zitangothiriridwa, ndinafika pa 26,833. Masefa onse anadutsa osamugwetsa. Ndinamuunjika anayi-anayi, anatsala mmodzi. Ndinawerenga zigoli. A Mmodzi anali patsogolo ndi chimodzi.

Nthungululu inamveka mpaka kuseri kwa phiri. Wina anasandutsa keni yothirira kukhala ng'oma. Sungeni, amene mano akutsogolo anali atagweruka, ankavina pakati pa mabedi. Ine ndinali nditayamba kale kupinda zovala m'mutu mwanga.

"Imani kaye," anatero Mayi Nagama. "Musanapite mutiphunzitse. Tidziwe chimene tikuvinira."

Anakhala pansi m'mizere, miyendo atatambasula. Ndinatola kamtengo. Ndinayamba ndi tomato 12 ndi 13, kenako matimu awiri, kenako masefa, ndi lamulo la a Chimkwita loti sefa iliyonse ili ndi tsiku lake loyamba ntchito. Ankamva msanga. Anati tsiku loyamba ntchitolo ndi bedi chabe, 7 uku 7 uku.

Kumbuyo kunali mayi wina wosalankhulalankhula, Esinati. Anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Aphunzitsi, sefa yanu yomaliza ndi iti?"

Ndinayang'ana m'chikuto. "Ya 157."

"Wamakani wotsatira ndi ndani?"

"163."

"Nanga bedi lake ameneyo, 163 uku 163 uku, ndi machubu angati? Ndikufuna ndidziwe tsiku limene adzayambe ntchito."

Ndinachulukitsa pa dothi, onse akuona. Kunatuluka 26,569.

Ndinabwerezanso. Kunatuluka yomweyo.

Tsiku lake linali litadutsa kale, masamba awiri m'mbuyo, ine osamulemba ntchito. Ndinatsegula kope. 26,569 anali pomwepo, kumbali ya a Mmodzi, ndi chizindikiro changa pambali pake. Masefa akale onse anamulephera, poti womugwetsa anali 163 yekha. Ndinali nditasefa tsambalo kawiri, monga a Nachuma anandiphunzitsira, koma kawiri konseko ndi masefa operewera. Timu yanga inali itaseweretsa munthu wosalembetsa.

Ng'oma inasiya. Ndinakhala pa dothi. Ndinkaona kapu ya tiyi, ndi Dokotala Nankhoma akundiperekeza ku depoti.

"Ndalakwa kufunsa?" anatero Esinati ndi mawu aang'ono.

"Asisi," ndinati, "mukanapanda kufunsa ndikanakamwa tiyi wowawa kwambiri m'dziko muno."

"Ndiye tachotsani chigoli chabodzacho," anatero Mayi Nagama. "Zikhala bwanji?"

Ndinafufuta. "Pa 26,833 ndiye kuti angofanana."

"Kufanana si kuluza. Mpira sunathe. Tipatseni masefawo."

Masefa anali 38 pamodzi ndi watsopanoyo. Tinagawana, aliyense awiri kapena atatu, aliyense ndi kamtengo ndi malo ake pa dothi. Ine ndinkaitana nambala, iwo n'kumagawa, ndipo amene sefa yake yagwetsa ankakuwa kuti "Wanga!" Kukakhala zii, ndiye kuti ndi wamakani.

"26,835!"

"Wanga!" anakuwa wa sefa ya 5 ndisanatseke n'komwe pakamwa.

Pa 26,839 kunali zii. Anatsala atatu. Azimayi anabuula ngati wina waponda mbande. Pa 26,849 kunali ziinso, ndipo anatsala mmodzi. Kufanananso. Tinapitirira, manambala akugwa mmodzimmodzi. Pa 26,857, amene amatsala mmodzi, kunakhala chete nthawi yaitali. Timitengo tinkangokanda. Mayi Nagama anayamba kumanga chitenje m'chiuno. Wang'oma anakweza dzanja.

"Wanga," anatero Esinati, amene anali ndi sefa ya 107. "Pepani."

"Iwe Esinati, unabadwa tsiku lanji?" anakuwa wina. "Ukwati wako unatheka bwanji?"

Tinaseka mpaka misozi. Kenako 26,859 anagwa kwa 3, ndipo ndinaitana wotsatira.

"26,861!"

Timitengo tinakanda. Mmodzimmodzi anaika kamtengo pansi. Onse anatembenukira kwa Esinati. Iye anagawa, kufufuta, kugawanso, n'kukweza manja onse awiri opanda kanthu.

Sindinalole ng'oma. Ndinadutsa ndekha masefa onse 38, umodziumodzi, dzuwa likundiwotcha pakhosi. Ndinayang'ana ngati pali sefa ina yoiwalika, koma bedi la 167 linali kutsogolo ndithu. Ndinaunjika anayi-anayi. Anatsala mmodzi. A Mmodzi 1,473, a Atatu 1,472.

"Imbani," ndinatero.

Tinavina mpaka fumbi linakwera pamwamba pa mibawa. Mkati mwa gule wina anati tione wotsatira, mwina tiwonjezera chigoli. Ndinaitana 26,863. Kunali zii. Anatsala atatu.

"Afanananso?" anatero Mayi Nagama. "Zaka zonsezi, kutsogola mapazi awiri okha?"

"Awiri okha."

"Koma anatsogola?"

"Anatsogola."

"Basi, imbani ng'omayo!"

Tauni ya kumapeto kwa msewu inali pafupi kuposa mmene ndinkaganizira, kuseri kwa phiri lomwelo. Sukuluyo inali ndi makonde aatali onunkhira polishi. Ndinayenda ndikusuzumira m'mawindo mpaka ndinaona zala zoyera zikulemba pa bolodi. Mutu wa mayi aja unali utayera wonse tsopano. M'kalasimo munali ophunzira osakwana khumi, onse ovala bwino. Ndinaima pakhomo ndi chikwama changa chazipi, Sungeni atandigwira chitenje.

Dokotala Nankhoma anatembenuka, kundiyang'ana ine, kenako mwanayo.

"Sungeni wakula," anatero. "Nenani."

"26,861."

Sanavomere, sanakane. "Pa 26,569 munadutsa bwanji?"

"Ndinagwapo, mayi. Ndinamuwerengera kwa a Mmodzi. Anandidzutsa ndi mayi wina wa panazale."

"Wa panazale anadziwa bwanji za masefa?"

"Ndinawaphunzitsa ndine. Analipo khumi ndi atatu. Kumapetoko anandithandiza, koma ndinabwereza ndekha. Makope ndi awa."

Anatsegula limodzi la mafuta a zitumbuwa, kulinunkhiza, n'kulipereka kwa ophunzira kuti lizungulire.

"Ndiye kuti ntchito yanga mwaiyamba kale," anatero. "Tsopano taonani. Mabedi anuwo, 9, 25, 49, 121, ndi amene anakugwetsaniyo. Aunjikeni anayi-anayi."

Ndinaunjika m'mutu. "Onse akutsala mmodzi."

"Onse, mpaka kalekale. Amakhala pa mipando ya a Mmodzi koma si osewera. N'chifukwa chake timu yanu imakonda kutsalira. Si chibadwa choipa ayi, ndi alendo awachulukira pakhomo."

Ndinamva ngati wina wanditula mtolo umene sindinkadziwa kuti ndasenza.

"Adzapitiriranso?"

"Kosawerengeka. Atsalira, apitirira, atsaliranso, popanda mapeto. Zimenezo zinatsimikizidwa kalekale."

"Kotsatira ndi pati?"

"Lero ndikuuzani, mwagwirira ntchito. Pa 616,841."

Ndinawerengera pomwepo, poyerekeza ndi mano a Sungeni. Zaka zisanu ndi ziwiri kufika pamene ndafikapa. Kukafika kumeneko, zaka 160.

"Sindikafika, mayi. Ngakhale azimayi a panazale atandithandiza."

"Simukafika. Ndipo kosathako ngakhale kompyuta siikafika. Amene anatsimikizira zimenezi sanawerenge."

"Nanga anadziwa bwanji, osawerenga?"

Anatola choko.

"Khalani pansi, amake Sungeni. Phunziro lathu liyambira pamenepo."

Mnyamata amene anali pawindo anachotsa mabuku ake, ndipo ndinakhala.

Zonsezi zinanditengera izi. Zaka zisanu ndi ziwiri. Makope 31, kuphatikiza mapepala a maukwati. Patapata mapeya asanu ndi anayi. Dzino limodzi lakumanja, limene ndinkalumira pensulo. Maso, poti tsopano ndimavala magalasi. Bambo ake a Sungeni, amene anatopa kudikira n'kukwatira wina, ndipo sindiwada. Maliro a azakhali anga amene anandilera, omwe ndinamva patadutsa miyezi itatu. Sungeni anayamba sukulu mochedwa ndi chaka, ndipo amalankhula mosakaniza kalankhulidwe ka matauni anayi.

Mpandowo ndi wa thabwa, wolimba, mwendo umodzi ndi waufupi ndipo ndinauchirikiza ndi chidutswa cha njerwa. Masana dzuwa limalowa pawindopo n'kundiwotcha khutu. M'mawa ndimakolopa makonde a sukulu yomweyo kuti tidye. Za pa bolodi ndimamva theka, ndipo theka limenelo ndimalimva mawa lake. Mayeso oyamba ndinapeza 37 pa 100. Wamakani, wa timu yanga.